PHUNZIRO 6: NGOZI ILI NDI POYAMBIRA: KUTETEZA ANTHU KU KUVULALA M'MABOMA A DOWA NDI NTCHISI

CHOLINGA CHA PHUNZIROLI

Pomaliza phunziro lino tikhale titatha:

(a) kufotokoza chifukwa chake kuvulala kwa anthu ili nkhani ya zaumoyo ndiponso ya chilengedwe;
(b) kutchula malo oopsa a m'dera lathu;
(c) kudziwa malamulo ndi maofesi amene ali ndi udindo pa nkhaniyi, ndi njira yowafikira.

MAU OYAMBA

Kolera ikagwa m'mudzi palibe amene amangoti ndi tsoka basi. Mlangizi wa zaumoyo amabwera, amafunsa kumene odwala anatunga madzi, amathira mankhwala pachitsime, amawerenga mabanja amene alibe zimbudzi, ndipo amfumu amaitanitsa msonkhano. Tonse timavomereza kuti matendawa ali ndi gwero lake, ndipo gwerolo likatsekedwa matenda amatha.

Koma mwana akagundidwa ndi galimoto pamsika, kapena akamira m'nkhuti yodzaza madzi a mvula, timakhuza maliro, timatonthozana kuti "tsoka silinunkha", kenaka timabalalika. Nkhuti ija imatsala chikhalire, kudikira mwana wina.

Phunziro lino likuti ngozi nazonso zili ndi gwero monga kolera. Zambiri zimachitika pamalo omwe-omwewo, pa nyengo zomwe-zomwezo, kwa anthu a misinkhu yomwe-yomweyo. Chinthu chobwereza chotere chingathe kuwerengedwa, kupewedwa, ndi kuikidwa m'mapulani a chitukuko pamodzi ndi mijigo, masukulu ndi zipatala.

1. KUKULA KWA VUTOLI

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 4.4 miliyoni amafa chaka chilichonse chifukwa cha kuvulala. Lipoti lake la 2023 linaonetsa kuti ngozi za pamseu zokha zimapha anthu 1.19 miliyoni pachaka, ndipo ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Kumira m'madzi kumapha anthu pafupifupi 300,000, pamene kupsa kumapha pafupifupi 180,000, ndipo ambiri mwa iwowa ndi a m'maiko osauka.

Za kuno ku Malawi, lipoti la WHO la 2018 linayerekeza kuti m'chaka cha 2016 anthu 31 pa anthu 100,000 alionse anafa pa ngozi za pamseu. Chiwerengero chimenechi chinali chimodzi mwa zokwera kwambiri pa dziko lonse, chonsecho dziko lathu lili ndi magalimoto ochepa poyerekeza ndi maiko ena.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 772,569 m'boma la Dowa ndi 317,069 m'boma la Ntchisi. Ambiri mwa ife ndife alimi, ndipo chuma cha mlimi ndi thupi lake. Bambo akathyoka ntchafu mwezi wa Novembala amagona masabata ambiri m'chipatala, mayi amakhala womudikirira, munda susosedwa, mbuzi zimagulitsidwa kuti papezeke ndalama yoyendera, ndipo mwana wamkulu amasiya sukulu. Ngozi ya tsiku limodzi imabala njala ya chaka chonse.

2. TIYANG'ANE KWATHU KUNO

(a) Pamseu

Mseu waukulu wa M1 umadutsa pakati peni-peni pa Mponela ndi Madisi. Wa M14 wopita ku Salima umatsika mokhota-khota kudzera ku Chezi ndi Mvera. Pa tsiku la msika anthu amayala tomato ndi mbatata m'mphepete mwa phula, minibasi zimaima paliponse, akabaza amadikira makasitomala, ana amaoloka, ndipo malole olemera amadutsa pomwepo. Mu 2022 inayambika ntchito yokonzanso mseu wa M1 kuchokera pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu kulowera kumpoto, ndi thandizo la European Investment Bank ndi European Union. Mseu wosalala ndi chitukuko, koma umakopanso oyendetsa kuti athamange. Bungwe la WHO likuti galimoto ikachoka pa liwiro la makilomita 50 pa ola kufika pa 65, mpata woti munthu woyenda pansi amene yamugunda afe umakula kanayi ndi theka. Ndiye mseu wabwino ukadutsa pamsika kapena pasukulu uyenera kubwera ndi mahampu, malo oolokera, zikwangwani, njira ya oyenda pansi ndi ya njinga, ndi malo oimapo minibasi.

Kumapiri, monga kwa Nthondo, kwa Kasakula ndi kwa Chiwere, vuto ndi lina. Miseu yafumbi ndi yotsetsereka, imaterera m'dzinja, ndipo milatho ina ndi yamitengo. Kumeneko njinga yamoto ya kabaza ndiyo basi, ndiyonso ambulansi. Timaona anthu atatu kapena anayi panjinga imodzi, thumba la feteleza lili pakati, wovala chisoti palibe. Kafukufuku wa m'maiko ambiri anapeza kuti chisoti chabwino chovalidwa bwino chimachepetsa imfa ndi magawo 42 pa 100, ndi kuvulala m'mutu ndi magawo 69 pa 100. Tisaiwalenso ngolo ndi njinga zakapalasa zoyenda usiku popanda nyale kapena chonyezimira, matola odzaza anthu okhala pamwamba pa katundu, ndi oyendetsa amene alawako kachasu.

(b) Pamoto

M'miyezi ya Juni ndi Julaye ku mapiri a Ntchisi ndi Dowa kumazizira kwambiri, ndipo banja lonse limaunjikana pamoto. Mafuwa ali pansi, mphika wa phala kapena wa madzi osamba uli pa msinkhu wa mwana wokwawa, ndipo womuyang'anira ndi mlongo wake wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ana ang'ono ndiwo amapsa kwambiri. Enanso ndi anthu odwala khunyu, amene amagwera pamoto matenda akawagwira. Ena a ife timaopa kuwakhudza poganiza kuti titengera. Khunyu sapatsirana, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala.

Kafukufuku amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, ali ndi phunziro kwa ife. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zotentha nkhuni mosatulutsa utsi wambiri. Chibayo cha ana sichinachepe monga ankayembekezera, koma kupsa kwa ana kunachepa ndi magawo 42 pa 100. Mbaula zimenezo zinali zosiyana ndi chitetezo mbaula yadothi imene timaumba kuno, komabe mfundo yake ndi yoonekeratu: moto wotchingidwa ndi mphika wokhazikika zimateteza mwana. Choncho mbaula imene timailimbikitsa pofuna kupulumutsa mitengo ya m'nkhalango za Ntchisi ndi Kongwe ingathandizenso kupulumutsa khungu la ana athu.

(c) M'munda ndi pantchito

Kuno ndi kwa alimi a fodya, chimanga, soya ndi mtedza, ndipo mankhwala ophera tizilombo ali pafupifupi m'nyumba iliyonse. Ena amapopera opanda chophimba kukamwa, atavala malaya omwe agonenso nawo usiku. Ena amatsuka mpope mumtsinje umene anthu amatungamo madzi. Ena amasunga mankhwala kapena parafini m'botolo la zakumwa, mwana n'kumwa poyesa ndi chakumwa. M'misika mumapezeka timapaketi ta tameki ndi mankhwala ena opanda dzina, ogulitsidwa ngati ophera makoswe. Mankhwala otere akakhala pafupi, ngakhale mkangano waung'ono wa m'banja ungathe kuthera kumanda.

Fodya wamuwisi nayenso ali ndi ululu umene umalowa pakhungu, maka-maka masamba akanyowa. Lipoti la bungwe la Plan la 2009 linaonetsa kuti mwana wogwira ntchito m'munda wa fodya kuno ku Malawi angathe kulowetsa m'thupi chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku. Mutu, nseru ndi chizungulire zimene timaziyesa malungo nthawi zina zimachokera pamenepa. Palinso malamba a chigayo osatchingidwa, zigafa zogwa, ndi miyala yothethekera m'maso mwa ophwanya miyala.

(d) M'madzi ndi m'maenje

Apa ndi pamene nkhani ya ngozi ndi ya chilengedwe zimakumana poyera. Phiri likametedwa mitengo, madzi a mvula salowanso pansi. Amatsika onse nthawi imodzi, ndipo kamtsinje kamene ana anaoloka m'mawa madzi akulekeza m'akakolo kamakhala kosaolokeka pobwera kusukulu. Madzi omwewo amakumba zigwembe m'mbali mwa njira ndi kukokolola milatho ya timitsinje tothira mu Bua ndi mu Lingadzi. Pamene palibe mitengo yotchinga, mphepo imasasula madenga a sukulu ana ali m'kati. Kuumba njerwa kumasiya nkhuti, okumba mchenga ndi dothi la mseu amasiya maenje, ndipo zitsime za m'madimba n'zosavundikira. M'chilimwe malo amenewa saoneka oopsa. M'dzinja amasanduka misampha, komanso moswanirana udzudzu.

3. NJIRA YOGANIZIRA NGOZI

M'zaka za m'ma 1960 dokotala wina wa ku America, William Haddon, anaphunzitsa kuti ngozi tiziifufuza monga timafufuzira matenda. Anati tiziyang'ana zinthu zitatu: munthu, chida chimene chamupweteka, ndi malo. Ndipo tiziyang'ana pa nthawi zitatu: ngozi isanachitike, pamene ikuchitika, ndi itachitika. Tiyese ndi kabaza amene wagwa pamtsetse:

Isanachitike: Kodi woyendetsa anaphunzira? Anali atamwa? Mabuleki ankagwira? Mseu unali ndi chigwembe?

Ikuchitika: Kodi anavala zisoti? Anakwera angati? Ankathamanga bwanji? M'mbali mwa mseu munali chotchinga?

Itachitika: Kodi amene anafika msanga ankadziwa chithandizo choyamba? Galimoto inapezeka? Chipatala chinali pa mtunda wotani?

Mafunso onsewa ndi makomo otsekera imfa. Tikangoti "woyendetsayo ndi wosasamala", tatseka khomo limodzi, ena onse tawasiya pululu.

Nyumba ya malamulo ya dziko la Sweden inavomereza mu 1997 mfundo yakuti munthu ndi wolakwitsa mwachibadwa, choncho mseu uzimangidwa moti kulakwitsa kwake kusamuphe. Kukonza malo kumaposa kulangiza chabe. Mwana wa zaka zitatu tingamuuze kakhumi kuti asapite kuchitsime, adzaiwala. Chivundikiro sichiiwala. Chikwangwani woyendetsa angathe kuchinyalanyaza, koma hampu imagwira ntchito usana ndi usiku, wapolisi alipo kapena palibe. Bungwe la United Nations linatsata maganizo omwewa pamene linapatula zaka za 2021 mpaka 2030 kuti maiko achepetse ndi theka imfa ndi kuvulala kwa pamseu.

4. MALAMULO A DZIKO LATHU AKUTINJI?

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, pa gawo 16, amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi moyo. Gawo 13 limalamula Boma kuti lipereke chithandizo chokwanira cha zaumoyo ndi kusamala chilengedwe kuti anthu akhale ndi kugwira ntchito pamalo abwino. Kuchokera pamenepa pali malamulo ena:

Lamulo la zapamseu la 1997: woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto akhale ndi laisensi ndi inshuwalansi, asayendetse ataledzera, ndipo okwera njinga yamoto avale zisoti.

Lamulo la chitetezo cha pantchito la 1997, ndi la chipukuta misozi cha ovulala pantchito la 2000: wolemba ntchito ateteze antchito ake, ndipo wovulala pantchito alipidwe.

Lamulo la zolembana ntchito la 2000: mwana wosakwana zaka 18 asagwiritsidwe ntchito yoika moyo wake pachiswe.

Lamulo la mankhwala ophera tizilombo la 2000: mankhwala akhale olembetsedwa, okhala ndi chizindikiro, ndipo wogulitsa akhale ndi chilolezo.

Lamulo losamalira chilengedwe la 2017, limene linalowa m'malo mwa la 1996: aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaononga umoyo, ndipo ntchito zikulu-zikulu monga miseu ziyambe zaunikidwa kuti zidzakhudza bwanji anthu ndi chilengedwe.

Lamulo la maboma ang'ono la 1998: khonsolo ili ndi mphamvu yopanga mapulani a chitukuko ndi malamulo a m'boma lake.

Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani ku maofesi a Boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020: tingathe kupempha kuona mapulani ndi ndalama za ntchito ya m'dera lathu.

Malamulo tili nawo okwanira. Koma lamulo lili ngati khasu: likangokhala pakhonde sililima.

5. UDINDO NDI WA YANI?

Miseu ikulu-ikulu ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, ndipo mbali ina ya ndalama zoikonzera imachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto, umene tonse timalipira kudzera m'mitengo ya ulendo. Malaisensi amapereka ndi a nthambi yoona zapamseu, ndipo apolisi amaonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa. Misika, miseu ya m'midzi ndi ukhondo ndi ntchito ya khonsolo. Ovulala amalandiridwa pa zipatala za boma za Dowa, Ntchisi ndi Mponela, ndi za mishoni monga za Madisi ndi Mtengowanthenga. Kuyambira mu 1985 dziko lathu lakhala likuphunzitsa madokotala othandizira a mafupa, amene amathandiza othyoka ambiri m'zipatala za m'maboma. Ovulala kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital, kumene mu 2011 kunatsegulidwa chipinda cha anthu opsa, ndipo mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION.

Vuto ndi lakuti ofesi iliyonse imaona mbali yake yokha. Chipatala chimamanga bandeji koma sichimanga hampu. Omanga mseu saona ovulala m'mawodi. A zankhalango amawerenga mitengo, sawerenga ana okokoloka. Amene amaona zonse pamodzi ndife eni mudzi. N'chifukwa chake mau athu ndi ofunika mu komiti ya chitukuko ya m'mudzi ya VDC, ya kwa mfumu yaikulu ya ADC, mpaka ku khonsolo. Chimene sichinalembedwe mu pulani ya m'mudzi sichilowa mu pulani ya boma, ndipo chosalowa mu pulani sichipatsidwa ndalama.

Nafenso tisadzipatule. Wokwera kabaza amene amati "thamangani, ndachedwa" ndi ife. Woyala malonda paphula, wosiya nkhuti yosakwirira ndi wotuma mwana kukapopera fodya ndi ife tomwe. Sitingafunse khonsolo za udindo wake titasiya wathu.

6. ZOTI TICHITE

(1) Tiwerenge. Tigule kope limodzi, tilisungitse kwa mlembi wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi. Munthu akavulala kapena kufa pa ngozi tilembe tsiku, malo, msinkhu wake ndi chimene chinachitika, osalemba dzina. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi tiliwerenge pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo.

(2) Tijambule mapu. Tiyende m'mudzi pamodzi ndi amayi ndi ana asukulu, pakuti iwo amadziwa njira za kumadzi ndi za kusukulu. Tiike chizindikiro pa nkhuti, chitsime, pooloka mtsinje, pokhota mseu ndi pa chigayo.

(3) Tigawe ntchito pawiri. Zina ndi zotheka ndi manja athu mvula isanagwe: kukwirira nkhuti, kuvundikira zitsime, kukweza pophikira, kutsekera mankhwala m'bokosi, kumata zonyezimira pangolo, kubzala mitengo ndi vetiva m'mbali mwa zigwembe, ndi kusankha akulu oolotsa ana. Zina ndi zofuna Boma: mahampu, milatho, makalavati, kusuntha msika kuuchotsa paphula.

(4) Tilembe kalata. Zofuna Boma zipite ku VDC ndi ku ADC, kope lina kwa khansala ndi kwa phungu. Kalata itchule malo, chiwerengero cha ovulala cha m'kope lathu, ndi chimene tikupempha. Tisunge kope lathu, ndipo pakatha mwezi tikafunse yankho mwaulemu koma mosatopa.

(5) Tiyang'anire makontirakitala. Ntchito ya mseu kapena ya sukulu ikamatha, tifunse kuti maenje amene anakumba akwiriridwe asanachoke.

(6) Tikambirane ndi akabaza. Iwowa ndi ana athu, ndipo ali ndi atsogoleri pa siteji iliyonse. Tigwirizane nawo za zisoti ziwiri panjinga, wokwera mmodzi, ndi kuletsa woledzera kunyamula munthu.

(7) Tifunse ofuna mavoti. Pa nthawi ya kampeni tisamangofunsa za makuponi. Tifunsenso kuti mlatho wa ana asukulu uli pati m'mapulani awo.

7. NGOZI IKACHITIKA

Wopsa: thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, pitani naye kuchipatala. Osapaka mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta kapena dothi.

Wovulala pamseu: imitsani magalimoto kuti ena asagundidwe, tsindirani potuluka magazi ndi nsalu yoyera, musapinde khosi kapena msana pomunyamula, ndipo musamupatse chakudya kapena chakumwa.

Womwa mankhwala kapena parafini: osamusanzitsa. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo kapena paketi yake.

Wolumidwa ndi galu: tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MPHAKATI

1. Tchulani ngozi zitatu zimene zachitika m'dera lanu m'zaka ziwiri zapitazi. Kodi pamalo amenewo pasintha chiyani?
2. Sankhani imodzi, muifufuze ndi mafunso a m'ndime 3. Ndi makomo angati amene akanatsekedwa?
3. Kodi mwambi woti "tsoka silinunkha" umatithandiza pati, nanga umatigoneka pati?
4. Kodi mu pulani ya chitukuko ya mudzi wanu muli mfundo yokhudza ngozi? Ndani akafunse, ndipo liti?
5. Ndi ntchito iti imodzi imene mphakati wanu ungaimalize mwezi uno popanda ndalama yochokera kunja?

MAU OTSIRIZA

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa msonkhano wotsatira gulu lililonse libwere ndi mapu ake, kope lake, ndi dzina la malo amodzi oopsa amene lakonza kapena limene lawalembera kalata.